Zovala zichoke pansi: kukhoma mashelefu kuchipinda

Amayi amene muli pamoto, abambo amene mwangotula khasu, agogo athu pakhonde, achinyamata amene mukumvera pa foni, takulandirani nonse ku pulogalamu yathu ya za pakhomo m'boma lino la Phalombe. Sendezani wailesi pafupi, chifukwa lero kuli zoyeza ndi zokhoma.

Ndikupempha kulowa kumene mlendo salowa, kuchipinda chogona. Pabalaza timapasamala chifukwa pamafika anthu. Timayala nsalu patebulo, timapachika kalendala, timasesa m'mawa uliwonse. Koma kuseri kwa katani kuja nkhani imakhala ina. Ndiye ndikufunseni, ndipo muyankhe mumtima: zovala za m'nyumba mwanu zili pati panopa?

Ena mwayankha kuti zili pachingwe, ndipo chingwecho chinalemedwa kalekale. Ena zili m'sutikesi pansi pa bedi. Ena m'thumba pakona, ena m'katoni yopempha kugolosale, ena m'dengu. Palibe chochititsa manyazi pamenepa, ambirife tinakulira momwemo. Koma taganizani ndalama zimene zagona pakona pamenepo. Yunifolomu ya mwana munagula mutagulitsa nandolo. Jekete la abambo linadya thumba la mpendadzuwa. Pali chitenje cha paukwati, pali bulauzi yoyera ya ku Mvano, pali bulangete limene munalipira pang'onopang'ono. Ngakhale kaunjika amene kale tinkati ndi wotchipa, lero mumayamba mwawerenga kawiri musanatole malaya amodzi. Chuma chonsechi sichiyenera kugona pansi.

Mfundo ya lero ndi yaifupi, ndipo ndiibwereza kangapo kuti aliyense apite nayo. Zovala zichoke pansi. Ndipo musanakhome msomali ngakhale umodzi, yambani mwadziwa khoma lanu, chifukwa khoma ndilo limanena mtundu wa shelefu yoyenera nyumba yanu. Tiyamba ndi chifukwa chake, kenaka tiona makoma, matabwa, kayezedwe ndi kakhomedwe. Kumapeto tikambirana za shelefu imodzi yapadera imene ndikufuna nyumba iliyonse kuno kwathu ikhale nayo.

Chifukwa chake mukuchidziwa kale, ngakhale mwina simunachigwirizanitse ndi zovala. Ife timakhala m'chigwa. Madzi ochokera ku phiri la Mulanje ndi la Michesi amatsika kudzera mwa ife, m'mitsinje ngati Phalombe ndi Sombani, ulendo wa ku Chilwa. Madera ambiri dothi lake ndi la makande, limene likamwa madzi silifulumira kuuma. Nthawi ya dzinja pansi pa nyumba pamakoka chinyontho. Pozira pamakoka, ndipo ngakhale pasimenti pamakoka ngati omanga sanayale pulasitiki asanathire konkire. Mvula ikatha, mwezi wa Juni ndi Julayi kumabwera chiperoni, mphepo ija yochokera mbali ya ku Mozambique, ndi kamvula kake kowaza kosaleka. Zovala zimene zili m'katoni pansi sizipuma. Mukadzatsegula mupeza fungo, mupeza chuku, timadontho takuda tija tosachoka ngakhale mutachapa ndi sopo wamtundu wanji.

Chinyontho chili ndi anzake. Chiswe chimakonda katoni kwambiri, ndipo chikamaliza katoni chimalowa m'nsalu. Akuluakulu anati chiswe chimalowa m'mphasa yongoimika, ndipo zovala zimene zakhala pakona miyezi itatu osasunthidwa zili pangozi yomweyo. Makoswe amaswera m'thumba la zovala. Mphemvu, zinkhanira, nthawi zina ngakhale njoka, zimabisala mumulu wa pansi, ndipo amene amapisamo dzanja m'mamawa kukadali mdima ndi mwana amene akufunafuna sokosi yake kuti athamangire kusukulu. Zonsezi zimachepa kwambiri zovala zikakwera m'mwamba, pamalo poti mpweya ukudutsa ndipo tsache likulowa pansi pake.

Mwina wina akuti, ine ndalama ya wadilopu ndiipeza kuti? N'zoona, wadilopu ya zitseko ndi galasi ndi yodula, ndipo m'zipinda zathu zambiri ingadye malo onse. N'chifukwa chake tikukamba za mashelefu. Matabwa atatu kapena anayi, okhomedwa bwino, amanyamula zovala za banja lonse, ndipo mutha kuyamba ndi awiri n'kudzawonjezera mukakolola.

(Kanyimbo)

Tabweranso, omvera. Ngati mwangotsegula kumene wailesi, tikukambirana zokhoma mashelefu a zovala kuchipinda, ndipo tati zovala zichoke pansi, koma muyambe mwadziwa khoma lanu. Tsopano tiyeni ku khomako.

Choyamba, sankhani khoma liti. Ngati n'kotheka, sankhani khoma lamkati, lolekanitsa chipinda ndi balaza, osati lakunja limene mvula imamenya. Khoma lakunja limazizira ndipo limanyowa, makamaka mbali imene mphepo ya mvula imachokera. Yang'anani m'munsi mwake. Ngati penti ikusupuka, ngati pali mzere wakuda kapena zoyera ngati mchere, khoma limenelo likukoka madzi, lisiyeni. Kenaka kwezani maso kudenga. Ngati lata lili ndi kabowo ka msomali pamwamba pomwepo, kapena udzu unayamba kudontha, konzani denga kaye.

Chachiwiri, khomalo ndi lomangidwa ndi chiyani? Apa ndipo pagona nkhani yonse. Tengani msomali, mukande pang'ono pamalo obisika. M'nyumba zathu muno makoma alipo a mitundu ingapo. Lilipo la njerwa zowotcha zomangira simenti. Limeneli ndi lolimba, limanyamula shelefu popanda vuto. Lilipo la njerwa zowotcha koma zomangira dothi, ndipo nyumba zambiri ndi zotere, ngakhale kunja kwake zinapakidwa pulasitala wooneka bwino. Limeneli limanyamula, koma pokhapokha mutabowola pakati pa njerwa yeniyeniyo, osati mumzere wa dothi. Alipo mabuloko a simenti, amene achuluka kuchokera pamene boma linayamba kuletsa njerwa zowotcha pa zomanga zikuluzikulu mu 2018. Mabuloko ambiri ali ndi mphako mkati, ndiye sikuluu ikagwera pamphako imangozungulira osagwira. Pamenepo funani mbali yolimba ya buloko, chakumapeto kwake kapena pakati pamene pali chotchinga.

Ndiye pali khoma la zidina, la mdindo, ndi lomata. Tamverani bwino apa, amayi ndi abambo. Pakhoma lotere musapachike shelefu. Msomali umalowa mosavuta, inde, ndipo tsiku loyamba umaoneka ngati wagwira. Koma dothi silifinya msomali. Katundu akalemera, msomali umayamba kudya dothi pang'onopang'ono, mvula ikabwera khoma n'kufewa, ndipo tsiku lina usiku zonse zimagwera pansi, mwina pamene pagona mwana. Kukhala m'nyumba ya zidina sikukulepheretsani kukhala ndi mashelefu. Anu akhale oima ndi miyendo yawo, kulemera konse kupite pansi. Ndifotokoza kapangidwe kake posachedwa. Inunso amene mukuchita lendi pa Migowi kapena pa boma, shelefu yoima yokha ndiyo yanu, chifukwa simukangana ndi eni nyumba za mabowo, ndipo posamuka mumanyamula.

Chenjezo limodzi kwa amene muli ndi magetsi a ESCOM m'nyumba. Mawaya amayenda mkati mwa khoma, kawirikawiri molunjika kuchokera pa switchi kapena pa soketi kukwera kudenga. Musabowole pamwamba, pansi kapena m'mbali molunjika ndi switchi kapena soketi. Tayani mpata, ndipo ngati mukukayika, itanani wodziwa za magetsi.

Tipite ku matabwa. M'misika yathu mupeza kwambiri paini, bulugamu ndi malaina. Paini ndi wopepuka, wosavuta kucheka ndi kukhoma, koma chiswe chimamukonda, ndipo m'mfundo zake nthawi zina mumatuluka utomoni umene ungathimbirize nsalu. Bulugamu ndi wolimba ndi wolemera, koma amang'aluka mukakhoma msomali kufupi ndi kumapeto. Njira yake ndi kubowola kaye kabowo kakang'ono, kapena kufwifwitsa nsonga ya msomali ndi hamala musanaukhome. Malaina ndi wofewa bwino ndipo sapindika kwambiri akauma. Mbawa ndi mlombwa ndi matabwa apamwamba, koma ndi odula, ndipo shelefu yobisika kuseri kwa katani siyifuna ulemu wonsewo.

Mtundu uliwonse umene mungasankhe, thabwa likhale louma. Ili ndilo vuto lalikulu pamsika, chifukwa ocheka amafuna ndalama msanga ndipo amagulitsa thabwa likadali ndi madzi. Linyamuleni. Thabwa laliwisi limalemera, limazizira m'manja, ndipo mukaligogoda silimveka bwino. Ikani diso kumapeto kwake muyang'ane m'litali, muone ngati lawongoka. Ngati mwapeza aawisi okhaokha, gulani, koma mukawasanjike pamthunzi, pamalo osalala, muike timitengo pakati pa thabwa ndi linzake kuti mphepo izidutsa, pamwamba mutsindike ndi miyala, ndipo mudikire milungu ingapo. Thabwa likauma mutalikhoma kale limapindika, limakoka misomali, ndipo limapatsira chinyontho zovala zomwezo zimene mukuzithawitsa pansi.

Amene muli ndi nsungwi kudimba kapena m'mbali mwa mtsinje, simukusowa matabwa. Dulani zokhwima, nthawi ya chilimwe. Ziviikeni m'madzi milungu ingapo kuti zichoke kukoma kumene kumakopa tizilombo tofumbwa, kenaka ziume pamthunzi. Mukazing'amba n'kuzisanja moyandikana, mosiya timipata, mumapeza shelefu yabwino kwambiri ya zovala, chifukwa mpweya umalowa kuchokera pansi. Ingopalani m'mbali mwake kuti zisang'ambe nsalu kapena kucheka chala.

Pali thabwa limodzi limene ndikupemphani ndi mtima wonse kuti musagule, ndilo la mkungudza wa m'phiri la Mulanje. Ndikudziwa chifukwa chake anthu amaufuna. Umanunkhira, chiswe sichiudya, ndipo agogo athu ena akadali ndi mabokosi a mkungudza amene asunga nsalu zaka zambirimbiri. Koma mtengo umenewu ndi mtengo wa fuko lathu, mwachilengedwe umamera m'phiri lokhali padziko lonse lapansi, ndipo mitengo yake ikuluikulu inadulidwa mpaka pafupifupi kutheratu. A nthambi ya za nkhalango pamodzi ndi bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust akhala akugwira ntchito ndi anthu a m'midzi yozungulira phiri, kufesa mbande ndi kukabzala kumtunda, ndipo mbandezo zimatenga zaka zambiri kuti zikhale mitengo. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse. Munthu akabwera pakhomo madzulo ndi thabwa lonunkhira pamutu, n'kunena motsitsa mawu kuti akupatsani motchipa, dziwani kuti ladulidwa mozemba lamulo. Ife okhala kunsi kwa phiri ndife oyamba kulandira madzi otsika m'malo opanda mitengo.

(Kanyimbo)

Tikupitiriza, omvera. Tadziwa khoma, tasankha matabwa ouma. Tsopano kuyeza. Sindikuvutitsani ndi manambala ambiri. Bwerekani rula ya mwana wasukulu, yaitali ija ya masentimita 30. Imeneyo ikwanira pa zonse.

Kutambalala kwa shelefu, kuchokera kukhoma kubwera kwa inu, kukhale rula imodzi, kapena rula imodzi ndi zala zinayi. Pamenepo malaya opinda amakhala bwino. Mukapitirira apo zovala zina zimabisala kumbuyo n'kuiwalika. Ngati matabwa a pamsika ndi opyapyala m'lifupi, gundanitsani awiri, musiye kampata ka chala pakati pawo. Kuchokera pa shelefu ina kukafika pa inzake ya pamwamba, rula imodzi kapena kupitirira pang'ono. Mulu wa zovala ukatalika kuposa apo umagwa mukasolola chapansi. Shelefu yoyamba iyambire m'mawondo mwa munthu wamkulu, osatsika kuposa apo, kuti chinyontho chisafike ndipo muzisesa bwino. Yomaliza ikhale poti amayi afikepo ndi dzanja osakwera pampando. Kukhuthala kwa thabwa kukhale inchi imodzi, ngati kukula kwa chala chachikulu. Ndipo chogwiriziza thabwa chisatalikirane ndi chinzake kuposa marula awiri ndi theka. Mukasiya mpata waukulu, thabwa limagwa mimba pakati, ndipo likapindika silibwereranso.

Ndibwereze pang'onopang'ono kuti amene akulemba alembe. M'lifupi, rula imodzi. Pakati pa shelefu ndi shelefu, rula imodzi. Yapansi, m'mawondo. Zogwiriziza, marula awiri ndi theka.

Siyaninso mbali ina yopachika zovala zosafuna kupinda, monga suti, madiresi ndi yunifolomu yositasita. Paipi yachitsulo kapena nsungwi yowongoka imagwira ntchito imeneyi. Italikirane ndi khoma rula imodzi, kuti mapewa a hang'ala asakhudze khoma. Pansi pake pakhale mpata wa marula asanu ngati mukupachika madiresi aatali.

Mzere wowongoka mungaupeze bwanji? Musayezere kuchokera pansi mbali zonse ziwiri, chifukwa pansi pa nyumba zathu zambiri sipofanana. Ikani chizindikiro chimodzi chokha, kenaka mugwiritse ntchito levulo. Ngati mulibe levulo, tengani botolo loonekera mkati, losalala m'mbali, mudzaze madzi n'kusiya kampweya kakang'ono, mutseke. Ligonekeni pathabwa limene mnzanu wagwirizira kukhoma. Kwezani kapena tsitsani mbali imodzi mpaka kampweya kaja kaime pakati. Tembenuzani botolo, kumutu kupite kumiyendo, muonenso. Likagwirizana mbali zonse, lembani mzere ndi pensulo.

Tsopano kukhoma, ndipo tiyambe ndi a khoma lolimba. Ngati chipinda chanu chili ndi kona kapena kampata pakati pa makoma awiri, njira yotchipa ndi kukhoma timatabwa tating'ono, tija amati 2 by 2, motsatira mzere wanu, kumbuyo ndi m'mbali, kenaka n'kugoneka thabwa pamwamba pake. Ngati ndi khoma lotambalala lopanda kona, mufunika mabulaketi achitsulo. Amapezeka m'mahadiweya, ndipo owotcherera zitsulo pamsika atha kukupangirani olimba kuposa ogula. Mkono wautali wa bulaketi ndiwo umagona kukhoma, waufupi umanyamula thabwa.

Pakhoma la njerwa musadalire msomali wamba. Bowolani, mulowetse pulagi, kenaka mumange sikuluu. Bowo lidutse pulasitala n'kulowa m'njerwa pafupifupi utali wa chala chamkombaphala, chifukwa pulasitala payekha sanyamula kanthu. Pulagi ilowe mothina, mochita kuigogoda ndi hamala. Ikalowa mosavuta, bowo lakula, ndipo sigwira. Ngati mapulagi apulasitiki palibe, chitani zimene amisiri akale ankachita: semani kamtengo kolimba, kouma gwa, mukakhomere m'bowomo, mudule chotsala, ndipo sikuluu ilowe m'kamtengoko. Ndanena kuti kouma, chifukwa kakawisi kamafota n'kuyamba kugwedera. Sikuluu yapamwamba pa bulaketi ndiyo imakokedwa kwambiri, ndiye ngati pali imodzi yofunika kuitsimikiza bwino, ndi imeneyo. Pomaliza mangani thabwa ku bulaketi kuchokera pansi, kuti mwana akalikoka lisatsetsereke.

A zidina, a mdindo ndi a lendi, nthawi yanu yakwana. Pangani makwerero awiri ofanana, aliyense wa mitengo iwiri yoimirira ndi timitanda topingasa, motalikirana rula imodzi monga tanena. Aimikeni moyang'anana, ndipo matabwa kapena nsungwi zanu zigone pa timitandato. Mukafuna shelefu yaitali, onjezani makwerero achitatu pakati. Kenaka pali chinthu chimene ambiri amaiwala: kumbuyo kwake khomani thabwa lopyapyala mopingasa, kuchokera pakona yapamwamba mbali ino kukafika pakona yapansi mbali inayo. Popanda limeneli shelefu imangoti gwedegwede, ndipo misomali imamasuka. Likakhalapo imaima nganganga.

Miyendo isaponde dothi. Iikeni pamiyala yosalala kapena panjerwa zowotcha, ndipo pakati pa mwendo ndi njerwa muikepo kachidutswa ka lata. Ena amapaka oyilo wakutha wa galimoto kuti chiswe chisakwere. Ngati mutero, pakani kumapazi kokha, osati pamene pagona zovala, chifukwa fungo ndi banga lake sizichoka. Pakati pa shelefu ndi khoma siyani mpata wolowa dzanja. Mpata umenewu umalowetsa mpweya, komanso umakulolani kuona msanga tinjira tadothi ta chiswe, kuti muziphwanya posesa.

Ndipo chonde, shelefu yoima imangiriridwe kumtunda. Tengani waya wolimba, mumange mutu wake ku mtanda wa denga. Mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu akaona makwerero amakwera, ndiye chibadwa chake. Nkhaniyi si ya kwathu kuno kokha. Mu 2016 kampani yaikulu ya mipando ya IKEA, yochokera ku Sweden, inaitanitsa makabati ake a zovala mamiliyoni ambiri ku America, ana angapo atamwalira chifukwa makabatiwo anawagwera. Anali makabati opangidwa kufakitale, ooneka bwino, koma osamangirira kukhoma. Waya wa ndalama zochepa umateteza moyo wa mwana wanu.

Musanaike zovala, palani matabwa ndi sandipepa, mupake vanishi kapena penti mbali zonse, ndi kumapeto komwe, ndipo mudikire fungo lithe. Kenaka yesani mphamvu yake. Ikani zigubu ziwiri za madzi za malita asanu pa shelefu iliyonse, zigone usiku wonse. M'mawa yang'anani. Ngati pansi pa sikuluu pagwa fumbi la khoma, ngati bulaketi yasiyana ndi khoma ngakhale pang'ono, pamenepo sipanagwire, bowolani pena.

Mwina simungakwanitse nokha, ndipo palibe cholakwika kuitana kalipentala. M'misika yathu muli anyamata ndi atsikana amene anaphunzira ntchitoyi kudzera ku TEVETA, ndi ena amene anaphunzira pamanja pa amisiri akale. Abwere adzaone chipinda ndi khoma asanatchule mtengo. Mugwirizane poyambirira kuti matabwa agula ndani. Ndipo mmisiri akanena kuti pazidina angokhoma misomali italiitali zikhala bwino, inu mwamva kale zoyankha.

Kasanjidwe sikovuta. Zovala za tsiku ndi tsiku zikhale pakati, pofika dzanja. Za ana zikhale pa shelefu yapansi, kuti azitenga okha ndi kubwezera okha. Mabulangete ndi majuzi a nthawi yozizira apite pamwamba, atauma bwino. Aliyense m'banja akhale ndi malo ake odziwika. Chovala chisalowe pa shelefu chikadali chonyowa, ndipo zimene zinayanikidwa panja, makamaka za makanda, muzisite, chifukwa kutentha kwa simbi kumapha mazira a ntchentche zija zoyambitsa mphutsi pakhungu. Chakudya, feteleza ndi mankhwala othira m'chimanga zisayandikire zovala. Kandulo ndi koloboyi zisaikidwe pa shelefu imeneyi ngakhale kwa mphindi imodzi. Timibulu toyera tonunkha tija tothamangitsa tizilombo ndi poizoni. Mwana amationa ngati maswiti, ndipo fungo lake lenilenilo limatha kudwalitsa khanda, choncho tisakhale m'zovala za ana. Kutsogolo kokani waya, mupachike chitenje kuti fumbi lisalowe, ndipo masiku adzuwa muzichikankhira pambali, mutsegule zenera.

Tsopano shelefu yapadera ija ndinalonjeza. Ife a ku Phalombe tili ndi zokumbukira zimene maboma ena alibe. Akuluakulu akukumbukira mwezi wa Malichi 1991, pamene napolo anatsika m'phiri la Michesi n'kutenga miyoyo ya anthu mazanamazana. Ana athu omwe akukumbukira Malichi 2023, namondwe wa Freddy, ndi zimene zinachitika kwa Nkhulambe ndi madera ena. Ndinene mosabisa: palibe shelefu imene ingaime pamaso pa napolo. Madzi otere akabwera, chofunika ndi kutuluka ndi moyo. Koma mabanja ambiri amene anapulumuka anakafika kumisasa ndi chovala cha pathupi chokha, opanda chiphaso cha unzika, opanda buku la kuchipatala, opanda satifiketi ya sukulu imene mwana anaivutikira zaka zambiri. Kuzipezanso zimenezi ndi ulendo wautali ndi wodula.

Choncho pa mashelefu anu, patulani malo amodzi, apamwamba, mbali yoyandikira khomo. Pamenepo pakhale chikwama chimodzi chokonzeratu. Mkati mwake muike ziphaso, mabuku a kuchipatala ndi a kusikelo, masatifiketi, mapepala a malo, zonse zitakulungidwa m'mapepala apulasitiki awiri omanga bwino. Muikemonso chovala chimodzi cha munthu aliyense, chitenje, tochi, ndi mankhwala a amene amamwa tsiku ndi tsiku, monga a shuga, a BP kapena ma ARV, ndipo mankhwalawo muziwasintha kuti asapitirire nthawi. Aliyense wamkulu m'nyumba adziwe pamene chili, moti angachitenge mumdima osayatsa nyali. A zanyengo kapena a nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA akachenjeza pa wailesi kuti anthu asamukire kumtunda, simudzayamba kufukula m'masutikesi. Mudzatenga ana, mudzatenga chikwama, n'kutuluka nthawi ikadalipo. Ndipo pa madzi wamba aja olowa m'nyumba kufika m'kakolo, amene amabwera pafupifupi dzinja lililonse m'madera a kumadambo, zonse zimene zili pa shelefu ya m'mawondo kupita m'mwamba zimatsala zouma.

Ntchito ya usiku uno ndi iyi, amayi ndi abambo. Mukatha kudya, lowani kuchipinda awiri, ndi tochi, msomali ndi rula ya mwana. Kandani khoma mudziwe ngati ndi simenti kapena dothi. Yezani malo amene muli nawo. Kenaka mufunsane: tikhoma kukhoma, kapena tiimika ya miyendo? Matabwa tigula, kapena tidula nsungwi zathu? Ndipo mapepala ofunika a banja lino ali pati usiku uno? Ngati mukufuna kuti matabwa adzaume mvula isanayambe, muwagule chilimwe chikadalipo.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Sabata yamawa, nthawi ngati yomwe ino, tidzakhala kukhitchini, kukambirana za thandala la mbale ndi posungira ufa.